Yisiti Imadziwa Bwanji Zimene Mwaipatsa Kuti Idye?

M'boma la Chadiza, kuyambira pamsika wa pa boma mpaka kumidzi ya Mfumu Mlolo, Mfumu Zingalume ndi Mfumu Mwangala, muli kachamoyo kamene kamadyetsa mabanja ambiri ngakhale maso sakaona. Ndi kamene kamatupitsa vitumbuwa ndi mabanzi, kamawiritsa mowa wamasese m'mbiya, ndipo thobwa likagonera masiku kamayamba kulisandutsa mowa. Dzina lake ndi yisiti. Amayi ofulula ndi okazinga amalidziwa bwino khalidwe la yisiti: pali chakudya chimene imachithamangira, china imadya monyinyirika, china siichikhudza n'komwe. Gwero la khalidweli lili m'kati mwa selo lake, m'majini amene amatseguka ndi kutsekeka malinga ndi zimene zili mumphika.

Kodi timibulu ta yisiti ya m'kapaketi tija n'tamoyo zoona?

N'tamoyo, koma tili m'tulo. Tengani kapu ya madzi ofunda, osati otentha, muikemo kasupuni ka shuga ndi kasupuni ka yisiti. Timibulu timamira n'kusungunuka, madzi n'kusanduka otuwa. Pakapita mphindi 10 kapena 15 pamwamba pamayamba kutukusira thovu, ndipo mukanunkhiza mumamva kafungo ka mowa. Thovulo ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi umene maselo mabiliyoni akutulutsa atadzuka n'kuyamba kudya.

Yisiti ndi ya m'banja limodzi ndi bowa ndi chuku, koma iyo ndi selo limodzi lokha. Kuchepa kwake, maselo pafupifupi 200 atandandalikidwa pamzere ndiye angakwane milimita imodzi. Mtundu umene umatupitsa buledi ndi kuwiritsa mowa akatswiri amautcha Saccharomyces cerevisiae. Imaswana pophukira kamwana m'mbali, ndipo chakudya chikakhala chokwanira pamalo otentherako, chiwerengero chake chimawirikiza kawiri pa ola limodzi ndi theka. Amene anasonyeza kuti kuwira kwa mowa ndi ntchito ya zamoyo anali Louis Pasteur wa ku France, pakati pa 1857 ndi 1860. Makolo athu sankagula yisiti kusitolo. Imakhala yokha pamakoko a zipatso, pambewu, ndi m'ming'alu ya mbiya imene anafululiramo kale.

Nanga majini akulowapo bwanji?

Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni, ndipo mapuloteniwo ndi amene amagwira ntchito m'selo: ena amalowetsa chakudya, ena amachiphwanya, ena amakonza zowonongeka. Mu 1996 gulu la akatswiri a m'mayiko ambiri, lotsogoleredwa ndi André Goffeau wa ku Belgium, linamaliza kuwerenga DNA yonse ya yisiti n'kupezamo majini pafupifupi 6,000.

Selo lililonse lili ndi majini onsewo nthawi zonse, koma silingawagwiritse ntchito onse pakamodzi, poti kupanga puloteni kumadya mphamvu ndi zipangizo. Mlimi wa ku Chadiza ali ndi khasu, chikwakwa, nkhwangwa ndi lichero, koma mu Disembala sapita kumunda ndi lichero, ndipo pa tsiku lopeta khasu limatsamira khoma. Yisiti imateronso. Jini likafunika, selo limakopera malangizo ake pa RNA n'kupanga puloteni. Likapanda kufunika limangokhala. Ndicho chimene tikutanthauza tikamati jini latseguka kapena latsekeka. Otsegula ndi otseka ndi mapuloteni enanso, amene amalandira uthenga wa zimene zili kunja kwa selo n'kukamatirira pa DNA pafupi ndi jini loyenera. DNA yeniyeniyo siisintha. Chimene chimasintha ndi mbali imene ikuwerengedwa, ndipo kusinthako kumayamba m'mphindi zochepa chabe.

Ngati yisiti ndi imene imapanga mowa, chimera n'cha chiyani?

Popanda chimera yisiti ingagone ndi njala m'mbiya yodzaza phala. Chimanga, mapira ndi mawere zimasunga chakudya chake monga sitachi, amene ndi timibulu ta shuga wotchedwa glucose tolumikizana m'mizere italiitali. Yisiti wamba ilibe puloteni yodulira mizere imeneyi, ndipo sitachi sangalowe m'selo ali wathunthu.

Chodulira chili ndi mbewu yomwe. Mayi akaviika mawere kapena chimanga, n'kutsanula madzi, n'kuvundikira ndi masaka kapena masamba a nthochi pamthunzi, mbewuyo imayamba kumera. Pakapita masiku angapo timizu toyera timatuluka n'kukolanakolana, ndipo mukapisamo dzanja mumamva kutenthera. Pa nthawiyo mbewu yatsegula majini ake opangira mapuloteni otchedwa amylase, kuti isandutse sitachi kukhala shuga wodyetsa kammera. Mayi amaimitsa kumerako poyanika padzuwa, kenako amasinja kapena kupita nacho kuchigayo. Amylase uja safa ndi kuyanika. N'chifukwa chake chimera chikathiridwa m'phala lolimba limene lapolako pang'ono, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera palibe wathiramo shuga. M'madera ena a Zambia ntchito yomweyi imagwiridwa ndi mizu ya munkoyo.

Shuga wambiri wotuluka pamenepa ndi maltose, amene ndi timibulu tiwiri ta glucose togwirana. Kuti idye maltose, yisiti imadalira majini atatu okhala moyandikana otchedwa MAL. Loyamba limapanga khomo lolowetsera maltose m'selo, lachiwiri limapanga puloteni yomudula pakati, lachitatu limapanga puloteni yotsegula awiri enawo. Yachitatuyo imagwira ntchito pokhapokha maltose alipo. Akasowa, khomo ndi chodulira sizipangidwa.

Shuga ndi shuga basi. Yisiti imasankhiranji?

Ku lilime lathu n'chimodzimodzi, koma kwa yisiti ayi. Glucose ndi mnzake fructose amalowa m'selo n'kuyamba kugwira ntchito pompo, pamene mitundu ina ya shuga imafuna mapuloteni owonjezera oyamba aikonza kaye. Choncho glucose akachuluka, yisiti imatseka majini odyera zinazo. Puloteni yotchedwa Mig1 imalowa m'chipinda chapakati cha selo mmene muli DNA, n'kukamatirira pafupi ndi majini a MAL, majini a GAL odyera shuga wotchedwa galactose, ndi ena ambiri, n'kuwatseka. Mig1 imalowa m'chipindamo patangopita mphindi zochepa glucose atafika.

Glucose akayamba kuchepa, puloteni ina yotchedwa Snf1 imadzuka. Imamata kachizindikiro pa Mig1, Mig1 n'kutulutsidwa m'chipinda muja, majini aja n'kumasuka. Jini la Snf1 linatulukiridwa mu 1981 ndi Marian Carlson ndi anzake ku America, pamene ankafufuza yisiti zolumala zimene zinkalephera kudya shuga wa nzimbe.

Mbali imene imandigometsa ine ndi ya makomo. Yisiti ili ndi makomo olowetsera glucose amitundu ingapo, otchedwa HXT. Ilinso ndi mapuloteni awiri pakhungu lake, Snf3 ndi Rgt2, amene salowetsa kanthu. Ntchito yawo ndi kuyeza kuchuluka kwa glucose kunja. Akakhala wambiri, selo limapanga khomo la HXT1, limene limalowetsa wochuluka koma silitha kugwira wochepa. Akachepa, limasinthira ku makomo ngati HXT2, HXT6 ndi HXT7, amene amatola ngakhale timatsalira. Kaselo kopanda ubongo, kopanda maso, kamayeza chakudya n'kusintha makomo ake mowa uli mkati mowira.

Ndiye ndikathira shuga wa m'sitolo mu mowa wachimera, chimachitika n'chiyani?

Shuga wa m'sitolo, kaya wa ku Nakambala kaya wa ku Nchalo, ndi sucrose, kutanthauza glucose ndi fructose ogwirana. Yisiti imamudulira kunja kwa selo ndi puloteni yochokera ku jini la SUC2, ndipo posakhalitsa mumphika mumadzaza glucose. Mig1 imatseka majini a MAL. Kuwonjezera apo, makomo a maltose amene anapangidwa kale amachotsedwa pakhungu la selo n'kuphwanyidwa. Mowa umawira mwamphamvu, thovu n'kukwera, wofulula n'kukondwa, koma maltose wa m'chimera uja ali phee, yisiti sikumukhudza.

Shuga wothirayo akatha, kuwira kumazilala kwa kanthawi, chifukwa maselo ayenera kupanganso makomo ndi zodulira za maltose kuyambira pachiyambi. Gulu la Kevin Verstrepen ku Leuven, m'dziko la Belgium, linasonyeza kuti yisiti ikakhalitsa pa glucose imachedwa kwambiri kubwerera ku maltose, ndiponso kuti maselo sabwerera pamodzi: ena amasintha msanga, ena amachedwa, ena amalephereratu. Ngati pofika nthawiyo ukali wa mowa wakwera kale, maselo ambiri amakhala atafooka, ndipo maltose wotsalayo amagwera m'kamwa mwa mabakiteriya osasitsa.

Palinso vuto la kuchulutsa. Shuga akapitirira muyezo amakoka madzi kuchokera m'maselo. Yisiti imadziteteza kudzera mu puloteni yotchedwa Hog1, imene imatsegula majini opangira glycerol, monga GPD1, kuti madzi asathe m'kati. Mphamvu imene ikanatupitsa ufa imathera podziteteza. Mayi amene wachulutsa shuga mu ufa wa vitumbuwa kuti ogula akomedwe amadabwa kuona beseni likuchedwa kudzaza, chonsecho analifunditsa chitenje n'kuliika padzuwa. Amaganiza kuti anamugulitsa yisiti yakufa, pamene yisitiyo ikulimbana ndi ludzu. Mchere wochuluka umachitanso chimodzimodzi.

N'chifukwa chiyani yisiti imapanga mowa m'malo mongodya shuga n'kukula?

Njira zopezera mphamvu mu shuga zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumuwotcha yense ndi mpweya wa okosijeni, mmene matupi athu amachitira. Imapereka mphamvu zambiri, koma imafuna mapuloteni ochuluka ndipo imayenda pang'onopang'ono. Yachiwiri ndi kumudula mwachangu n'kutaya zotsala ziwiri: ethanol, amene ndiye amaledzeretsa mu mowa, ndi kaboni dayokisaidi. Pa magalamu 180 a glucose pamatuluka magalamu 92 a ethanol ndi magalamu 88 a mpweyawo. Pafupifupi theka la kulemera kwa shuga amene mwagula limauluka m'thovu.

Zamoyo zambiri zimatsata njira yachiwiri pokhapokha mpweya wasowa. Saccharomyces cerevisiae imaitsata ngakhale mpweya ulipo, bola glucose akhale wambiri, chifukwa glucose amatsekanso majini a njira yoyamba ija. Khalidweli limadziwika ndi dzina la Herbert Crabtree wa ku England, amene analiona m'maselo a zotupa za khansa mu 1929. Akatswiri ambiri amaona kuti phindu lake lili pa mpikisano. Pachipatso chakupsa pamakhala tizilombo tambirimbiri tolimbirana shuga, ndiye yisiti imamumaliza msanga n'kusiya ethanol amene anzake ambiri sangathe kumupirira.

Mafakitale amaligwiritsa ntchito khalidweli mbali zonse ziwiri. Opanga yisiti ya m'mapaketi safuna mowa, amafuna maselo, choncho amaidyetsa manyuchi otsala popanga shuga pang'onopang'ono kwinaku akupopera mpweya wambiri, kuti glucose asafike pa mlingo wotseka majini aja. Opanga ethanol, monga fakitale ya ku Dwangwa imene inayamba mu 1982 ndi inzake ya ku Chikwawa ku Malawi, amatembenuza: manyuchi ambiri, mpweya wochepa.

Shuga yense akatha, yisiti imangofa?

Ayi. Imatembenukira pa ethanol amene inapanga uja n'kuyamba kumudya, malinga mpweya ulipo. Kusintha kumeneku si kwamasewera. Mu 1997 Joseph DeRisi, Vishwanath Iyer ndi Patrick Brown a ku yunivesite ya Stanford anamata tizidutswa ta pafupifupi majini onse a yisiti pa kagalasi kamodzi, kuti aone pa nthawi imodzi amene akutseguka ndi amene akutsekeka glucose akamatha. Anapeza kuti majini pafupifupi 710 anawonjezera ntchito kawiri kapena kuposerapo, ndipo pafupifupi 1,030 anachepetsa ndi theka kapena kuposerapo. Pa majini anayi alionse, limodzi kapena kuposa linasintha. Ambiri mwa otsikawo anali omanga makina opangira mapuloteni, poti selo lasiya kukula mothamanga. Okwerawo anali a njira yowotcha chakudya ndi okosijeni ndiponso odzitetezera. Jini lodziwika bwino pa nthawi ngati imeneyi ndi ADH2, limene limayamba ntchito yobweza ethanol kuti akhale chakudya, ndipo glucose akakhalapo limakhala lotsekeka. Kukula kwa magawo awiri kotereku, kokhala ndi kupumira pakati, Jacques Monod anakufotokoza m'mabakiteriya ku Paris mu 1941.

Kwa wofulula, nkhani yagona pa kuvundikira. Mumgolo wovundikira bwino, kaboni dayokisaidi amadzaza pamwamba, okosijeni salowa, ndipo ethanol amasungika. Mgolo wosiyidwa pululu, kapena wotakasidwatakasidwa masiku atapita kale, umataya ukali, chifukwa cha yisiti yomwe ndiponso mabakiteriya amene amasandutsa ethanol kukhala viniga. Koma kuvundikira si kutseka ndi chitsekerero cholimba. Mpweya ukasowa potulukira umaphulitsa botolo. Katoni ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba pa chifukwa chomwechi, poti mowawo umagulitsidwa yisiti ikugwirabe ntchito.

Bwanji otcheza kachasu amasakaniza gaga ndi shuga? Madzi a shuga okha sangakwane?

Sangakwane. Shuga amapereka mphamvu, koma puloteni siipangika popanda nayitirojeni, ndipo mu shuga woyera mulibe nayitirojeni ngakhale pang'ono. Gaga amabweretsa nayitirojeni, fosifolasi, mavitamini, ndiponso yisiti ndi mabakiteriya okhala pamakoko a chimanga.

Pa nayitirojeninso yisiti ili ndi tsankho. Imakonda ammonium ndi glutamine. Proline ndi urea imadya zabwinozo zikasowa. Zabwino zikakhalapo, mapuloteni awiri otsegula majini, Gln3 ndi Gat1, amatsekerezedwa kunja kwa chipinda cha DNA. Zikatha amalowa n'kutsegula majini ambiri, kuphatikizapo GAP1, limene limapanga khomo lalikulu lolowetsa pafupifupi mitundu yonse ya ma amino acid, timibulu tomangira mapuloteni. Woyang'anira wamkulu wa zonsezi ndi puloteni yotchedwa TOR, imene Joseph Heitman, Rao Movva ndi Michael Hall anaitulukira mu yisiti ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1991. TOR ikamva kuti nayitirojeni alipo imalola selo kukula, ikamva kuti wachepa imaimitsa kukula.

Zimenezi zimamveka mpaka m'mphuno. Nayitirojeni akasowa kwambiri, mumgolo mumatuluka fungo la mazira ovunda, chifukwa yisiti yakonza sulufule woti ilowetse m'mapuloteni koma yasowa nayitirojeni womulumikizapo, ndiye imangomutaya monga mpweya. Komanso ikamachotsa nayitirojeni mu ma amino acid monga leucine, zotsala zake zimasanduka mitundu ina ya mowa yolemerera, monga isoamyl alcohol. Felix Ehrlich wa ku Germany anafotokoza zimenezi mu 1907. Ikakhala yochepa imakometsa fungo, ikachuluka imalasa m'mphuno ndi kupala kukhosi.

Timamva kuti ena amathiramo feteleza kuti ziwire msanga. N'zoona kuti zimathandiza?

Kuwira kukhoza kufulumira, poti mu feteleza muli nayitirojeni. Koma ndikukupemphani ndi mtima wonse, musatero, ndipo musagule kwa amene amatero. Feteleza wa kumunda sanapangidwe kuti alowe m'thupi la munthu, ndipo sayeretsedwa mmene amayeretsera zinthu zodyedwa. Pa urea pali ngozi inanso, imene ikuchokera m'majini omwe tikukambawa. Jini lophwanya urea, lotchedwa DUR1,2, pamodzi ndi la khomo lake, DUR3, ali m'gulu la majini amene amatsika nayitirojeni wabwino akakhalapo. Ndiye ngati mumgolo muli kale nayitirojeni wochokera ku gaga, kapena urea wathiridwa woposa amene yisiti ingamalize, wotsalayo amangoyandama m'madzimo. Urea akakumana ndi ethanol, makamaka pakakhala kutentha, amapanga mankhwala otchedwa ethyl carbamate. Mu 2007 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika ethyl carbamate m'gulu la zinthu zimene umboni ukusonyeza kuti zikhoza kuyambitsa khansa mwa anthu. Tsono kutcheza kachasu ndi kuika mgolo pamoto kwa maola ambiri. Wakumwa sazindikira kanthu, chifukwa kapu yake imaoneka mbee ngati masiku onse.

Opanga vinyo m'mayiko ena kale ankathira urea, koma anasiya atazindikira zimenezi. Masiku ano amagwiritsa ntchito mchere wa diammonium phosphate woyeretsedwera chakudya, pa mlingo woyezedwa. Ku Japan, opanga mowa wa mpunga wotchedwa sake anafika posankha yisiti imene jini lake la CAR1 siligwira ntchito, kuti isamatulutse urea pophwanya amino acid wotchedwa arginine. Ngati akatswiri amavutika chonchi pochotsa ka urea kochepa kamene yisiti imapanga yokha, taganizani za munthu wotapa ndi dzanja m'thumba la feteleza wobereketsa. Kachasu ngakhale wopanda feteleza wawononga kale ziwindi ndi mabanja ambiri kwathu kuno. Kuwonjezerapo izi n'kupha oyandikana nawo pang'onopang'ono.

Nanga chakudya chonse chikatheratu?

Choyamba imatseka majini a kukula n'kutsegula a kupirira. Audrey Gasch ndi anzake anapeza mu 2000 kuti pali majini pafupifupi 900 amene amasintha mofanana kaya vuto ndi njala, kutentha, mchere kapena asidi. Imaunjikanso shuga wapadera wotchedwa trehalose, amene amateteza mapuloteni ndi khungu la selo pamene likuuma. Ndi ameneyu amathandiza yisiti ya m'paketi kukhala miyezi yambiri pashelefu ya golosale n'kudzadzuka m'madzi ofunda.

Chachiwiri, imayamba kugaya ziwalo zake zimene sizikufunika kuti ipezemo nayitirojeni wopangira zofunika. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan anaziona zimenezi pa maikulosikopu m'maselo a yisiti amene anawamana nayitirojeni, ndipo mu 1993 iye ndi Miki Tsukada anapeza majini 15 oyendetsa ntchitoyi. Ohsumi analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Njala ikapitirira, yisiti zina zimatalika n'kulumikizana m'mizere yolowera kumene kungakhale chakudya, ndipo zina zimadzigawa kukhala timbewu tinayi tolimba m'kathumba kamodzi, todikira nyengo yabwino. Mbiya youma imene yakhala pakhonde chichokereni chaka chatha imatha kuyambitsa mowa watsopano chifukwa cha zotsalira zoterezi.

Kupatula mowa ndi buledi, zimenezi zikutikhudza bwanji ife anthu?

Mapuloteni oyeza chakudyawa alinso m'maselo athu. Mnzake wa Snf1 mwa munthu amatchedwa AMPK, ndipo metformin, mankhwala amene odwala matenda a shuga ambiri amalandira kuchipatala, mbali ina ya ntchito yake imadzera mwa iye. TOR tili nayonso, ndipo mankhwala oiletsa otchedwa rapamycin, ochokera ku mabakiteriya a m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui, amaperekedwa kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina. Achibale a mankhwalawa amagwiritsidwa ntchito pa mitundu ina ya khansa. Zambiri za mmene mapuloteniwa amagwirira ntchito zinayamba kudziwika mu yisiti, chifukwa n'njosavuta kuweta ndipo imaswana msanga.

Kodi yisiti ya m'mbiya za kumudzi ndi yofanana ndi ya m'paketi?

Kawirikawiri ayi. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Kutseguka ndi kutsekeka kwa majini kumachitika m'mphindi kapena m'maola, ndipo chakudya chikasintha zimabwerera mwakale. Koma yisiti ikakhala mibadwo masauzande pa chakudya chimodzi, DNA yomwe imayamba kusintha. Selo limene mwangozi lapeza majini a MAL owonjezera, mwachitsanzo, limaswana kuposa anzake m'phala lachimera, ndipo mayi akamasunga mbiya imodzimodziyo kapena kuthira masese akale mu mowa watsopano amakhala akusankha mbewu yake osadziwa. Mu 2018 gulu lotsogoleredwa ndi Joseph Schacherer ndi Gianni Liti ku France linafalitsa kafukufuku wa DNA ya yisiti 1,011 zochokera padziko lonse. Linapeza kuti yisiti za mowa wa ku Africa zili ndi fuko lakelake, losiyana ndi za vinyo, ndipo za uchema wa kanjedza zilinso ndi lake.

Kufupi ndi kwathu, Loveness Nyanga wa ku Zimbabwe ndi anzake anafufuza masau a ku Muzarabani, m'chigwa cha Zambezi, amene anthu amatchezera kachasu. Zimene anafalitsa mu 2007 zinasonyeza kuti Saccharomyces cerevisiae imagwira ntchito limodzi ndi mitundu ina ya yisiti ndi mabakiteriya osasitsa. Muno m'Zambia, akatswiri a University of Zambia mogwirizana ndi a ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, akhala akufufuza tizilombo ta mu munkoyo, chibwantu ndi mabisi. Ine ndimaona kuti mbiya za ku Chadiza, Katete ndi Vubwi n'zoyenera chidwi chomwechi, ndipo nthawi yake ndi ino. Ndowa zapulasitiki zikulowa m'malo mwa mbiya zadothi, ofulula ena ayamba kuthira yisiti ya m'paketi kuti ntchito ifulumire, ndipo mbewu ya yisiti imene inazolowera chimera cha mawere ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala ikatayika, palibe sitolo imene ingatigulitse ina.

Kodi mwana wasukulu angathe kuziona yekha zimenezi popanda zipangizo zodula?

Angathe. Pafunika mabotolo anayi apulasitiki a theka la lita, mabaluni anayi, ndi paketi imodzi ya yisiti. M'botolo loyamba athire madzi ofunda ndi masupuni awiri a shuga. M'lachiwiri athire phala lamadzimadzi la ufa woyera. M'lachitatu athire phala lomwelo, koma loti anathiramo chimera lidakali lotentherako n'kulisiya ola limodzi kapena awiri kuti lisungunuke. M'lachinayi athire mkaka wowiritsa. Zonse zikhale zofunda chabe, chifukwa kutentha kopitirira kumapha yisiti. Botolo lililonse lisadzaze, alithire kasupuni ka yisiti, alikhutchumule, amange baluni kukamwa, n'kuika onse anayi pamalo amodzi otentherako.

Baluni ya botolo la shuga imadzuka msanga. Ya phala lachimera imatsatira ndipo imapitiriza kufufuma pamene majini a MAL atseguka. Ya phala lopanda chimera imangogwedezeka pang'ono, poti sitachi alipo koma wodula palibe. Ya mkaka ndi imene imadabwitsa ana ambiri, chifukwa mu mkaka muli shuga ndithu koma baluni imakhala yofota kwa maola angapo. Shuga wa mu mkaka ndi lactose, amene ndi glucose ndi galactose ogwirana. Yisiti ya buledi imatha kudya onse awiri akakhala payekhapayekha, moti majini ake a GAL amakwera pafupifupi maulendo 1,000 galactose akafika glucose palibe. Koma jini lodula lactose pakati ilibe, ndipo selo silingatsegule jini limene mu DNA yake mulibe. Yisiti za mtundu wina wotchedwa Kluyveromyces zili ndi majini awiri, LAC12 lolowetsa lactose ndi LAC4 lomudula, ndipo zimenezo n'zimene zimapezeka m'zakumwa za mkaka wosasa.